Kusamutsa chiphaso cha ulangizi wa pasukulu kuchoka ku Indiana kupita ku Texas: momwe zikuyendera

10 Febuluwale 2025

Zatsimikizika tsopano. Bambo a ana apatsidwa ntchito ku Dallas, m'chigawo cha Texas kuno ku America, ndipo ayamba mu Epulo. Ine ndi ana titsalira kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, mpaka sukulu zitatsekera, kenako tiwatsatire. Sukulu za ku Texas zimatsegulira chapakati pa Ogasiti, koma alangizi amayambiratu ntchito ana asanabwere, ndiye kuti ndili ndi miyezi isanu yokha yoti chiphaso cha kumeneko chikhale m'manja.

Dzulo ndinafunsa kumpingo ngati alipo amene anayendapo njira imeneyi. Palibe. Abale athu ambiri kuno ndi anamwino kapena amasamalira okalamba, ndipo anamwino ali ndi mgwirizano wawo wa Nurse Licensure Compact, wolola chiphaso chimodzi kugwira ntchito m'zigawo zambiri, momwe muli Indiana ndi Texas yemwe. Mayi ena anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musadandaule achemwali, zimenezo n'zosavuta." Kwa ife a m'sukulu si choncho. Chiphaso changa chinaperekedwa ndi Indiana Department of Education ndipo mphamvu yake imathera m'malire a Indiana. Ndiye ndaganiza zoti ndizilemba chilichonse chimene ndachita ndi tsiku lake, kuti wina wa kwathu akadzafika pamenepa asadzayambire mumdima.

Pomwe ndikuyambira ndi apa. Digiri yoyamba ndi ya uphunzitsi, ya ku Chancellor College ku Zomba. Ndinaphunzitsa kusekondale kumudzi zaka zinayi. Master's ya ulangizi wa pasukulu ndinaipeza kuno mu 2019, papulogalamu yovomerezedwa ndi CACREP, bungwe lounika maphunziro a ulangizi, lomwe limafuna maola 100 a practicum ndi maola 600 a internship, ndiko kuphunzira uli pantchito. Chaka chomwecho ndinakhoza mayeso opezera chiphaso a Indiana CORE ndi kuyamba ntchito pa high school yomwe ndili mpaka lero. Chino ndi chaka chachisanu ndi chimodzi. Chiphaso chomwe ndili nacho panopa ndi cha zaka zisanu.

18 Febuluwale

Sabata yonseyi yatha ndi kuwerenga usiku, ana atagona.

Masiku awiri ndawataya pa Counseling Compact. Mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti Indiana inalowa mumgwirizanowu, ine n'kusangalala. Nditawerenga bwino ndapeza kuti umenewo ndi wa alangizi a zaumoyo wa maganizo, aja amaona anthu m'zipatala ndi m'maofesi awoawo, omwe ku Indiana amatchedwa LMHC ndipo ku Texas LPC. Chiphaso chawo chimachokera ku bungwe lina, chathu chimachokera ku unduna wa maphunziro wa chigawo. Mayina akufanana koma nyumba n'zosiyana. Amene ali ndi chiphaso cha pasukulu chokha asatayirepo nthawi.

Chathu ndi NASDTEC Interstate Agreement. Anthu amangoti reciprocity, ndipo mawu amenewa ndi omwe amasokeretsa, chifukwa munthu amaganiza kuti apereka chiphaso chakale n'kulandira chatsopano ngati akusintha ndalama kubanki. Mgwirizanowu umangotanthauza kuti chigawo chatsopano chivomera kuyang'ana mapepala a chigawo chakale. Chikayang'ana, chili ndi ufulu wowonjezera zofuna zake: mayeso, zaka za ntchito, zidindo za zala. Kunena zoona chiphaso sichisamuka. Umapempha chatsopano, chakalecho n'kukhala mboni yako.

Nkhani imodzi yandipepuza mtima. Kwa zaka zambiri Texas inkafuna kuti mlangizi wa pasukulu akhale ataphunzitsako m'kalasi zaka ziwiri. Lamulo la SB 798, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 Seputembala 2023, linachotsa zimenezo. Chikhala kuti lamulo lakale lidakalipo, bwenzi pano ndikuyamba kusakasaka umboni wa zaka zanga zinayi za kumudzi ndi kudikira kuti aone ngati angaziwerengere. Maganizo anga pa lamuloli ndi apawiri. Choko chinandiphunzitsa zambiri, ndipo mphunzitsi akabwera muofesi yanga atatopa ndi mwana wovuta ndimamumvetsa chifukwa ndinaimapo kutsogolo kwa ana 90. Koma ndagwiranso ntchito ndi alangizi abwino kwambiri omwe sanaphunzitsepo, ndipo sindikuona chifukwa chowatsekera khomo pamene ana akusowa owamvetsera.

3 Malichi

Ndatsegula akaunti ya TEAL patsamba la Texas Education Agency (TEA), bungwe loyang'anira maphunziro ku Texas, n'kulowa mu ECOS momwe mumachitikira zonse za ziphaso. Ndapempha review of credentials, ndiko kuti aunike mapepala anga, ndipo ndalipira madola 164. Ndalamayi ndi ya kuunika kokha. Chiphaso chenichenicho chili ndi mtengo wake patsogolo.

Zofunika kutumiza ndi chiphaso cha ku Indiana, ma transcript a madigiri onse, ndi umboni wa zaka zomwe ndagwira ntchito ngati mlangizi. Chiphasocho ndachitenga mu LVIS, tsamba la ziphaso la ku Indiana, mphindi zisanu zokha. Zinazo sizili m'manja mwanga. Transcript iyenera kuchoka kusukulu kupita kwa iwo mwachindunji, ndipo umboni wa ntchito asaine ndi olemba ntchito. Ine mbali yanga n'kupempha ndi kukumbutsa.

Chomwe ndikulimbira kwenikweni ndi kukhululukiridwa mayeso. Ku Texas mlangizi amalemba TExES School Counselor 252, yomwe inalowa m'malo mwa 152 mu 2021. Koma munthu wochokera kuchigawo china, amene ali ndi chiphaso chokhazikika, anakhoza mayeso a kwawo, ndipo wagwira ntchitoyo zaka ziwiri zathunthu zotsimikizika, angathe kupempha kuti asalembe. Zonse zagona pa mawu oti zotsimikizika. Zaka ndili nazo zoposa pamenepo, koma zimene zili m'mutu mwanga si umboni.

12 Malichi

Dzina landigwira mwendo. Digiri ya ku Zomba ili m'dzina la bambo anga. Master's ili m'dzina la kubanja. Ndipo lipoti lomwe bungwe lounika madigiri akunja linalemba mu 2016, pomwe ndinkafunsira malo a master's, lili m'dzina la bambo anga koma dzina lapakati analifupikitsa n'kusiya chilembo chimodzi. Mapepala atatu, anthu atatu, pamene munthu ndi mmodzi.

Ndinakhala pansi m'chipinda ndi kutulutsa chikwama chija ndinabwera nacho kuchokera kumudzi, chomwe zipi yake inafa kalekale ndipo ndimamanga ndi nsalu. Setifiketi ya ukwati inali pansi penipeni, mkati mwa envulopu ya khaki, pamodzi ndi setifiketi ya MSCE ndi kalata yomwe a hedimasitala anandilembera pochoka. Pepalalo layamba kuchita chikasu m'mphepete ndipo chidindo chake chayamba kufufutika, koma chikuwerengeka. Ndalijambula bwinobwino pamakina a kulaibulale, osati pafoni. Ndalembanso kakalata kachidule kolongosola kuti mayina atatuwa ndi a munthu mmodzi.

Bungwe lounika lija ndalipempha kuti litumize lipoti lake lovomerezeka mwachindunji. Ndinayamba ndaona kaye ngati dzina lake lili pamndandanda wa mabungwe omwe Texas imavomereza. Lilipo. Likanapanda kukhalapo, bwenzi ndikuimbira achimwene ku Zomba kuti ayambe kuyenda ndi mafomu, zomwe sizikanatha mwezi umodzi. Kwa aliyense wa kwathu amene digiri yake yoyamba ndi ya kumudzi, apa ndi poyambira, zina zonse zisanachitike.

27 Malichi

Umboni wa ntchito, womwe amati service record, wabwera kuchokera ku ofesi yolemba anthu ntchito ya district yathu, ndilo bungwe loyendetsa sukulu za boma za m'dera lathu, koma uli ndi vuto. Pa zaka ziwiri zoyambirira alemba udindo wanga ndi dzina lina, la wothandizira ophunzira chabe, osati mlangizi wa pasukulu. Chifukwa chake ndikuchidziwa. Nthawi imeneyo malipiro anga ankachokera m'thumba lina la ndalama, ndipo m'kompyuta munalowetsedwa dzina la thumbalo. Ntchito inali yomweyi, ofesi yomweyi, ana omwewa. Pa chaka cha mliri cha 2020 mpaka 2021 asiya malo a masiku ogwira ntchito opanda kanthu.

Zaka zitatu zotsalazo n'zokwanira pa nkhani ya mayeso. Ndinaganizapo zongotumiza momwemo. Koma pepala lomweli ndi lomwe district ya ku Texas idzagwiritse ntchito poika malipiro anga, popeza kumeneko malipiro amakwera motsata zaka zomwe zili pa service record. Zaka ziwiri zikasowa papepala, zisowanso m'thumba mwezi uliwonse kwa nthawi yonse yomwe ndidzagwire ntchito.

Ma imelo awiri sanayankhidwe, ndiye lero nditaweruka ndinapita ndekha. Ndinanyamula makontirakiti anga onse asanu ndi limodzi ndi kalata yondilemba ntchito ya 2019, yomwe ikunena momveka kuti mlangizi wa pasukulu. Mayi amene ndinawapeza pawindo anali okha, mafayilo ataunjikana mpaka pampando wa alendo. Anandiuza kuti anzawo awiri anasiya ntchito ndipo sanalowedwe m'malo. Anatenga makontirakitiwo, n'kuwayala patebulo limodzilimodzi, chala chikuyenda pamzere wa udindo. Atafika pa lachiwiri anagwedeza mutu n'kunena kuti aona pomwe palakwika. Analemba dzina langa pakapepala kachikasu n'kukamata pakompyuta pawo. Ndinatuluka mkwiyo womwe ndinalowa nawo utatha. Akanakhala kuti ndasamuka kale, ndikuimba foni kuchokera ku Dallas, sindikhulupirira kuti kapepala kachikasu kaja kakanamatidwa.

9 Epulo

Tili ku Dallas patchuthi cha sabata imodzi, kuperekeza bambo a ana ndi kuona nyumba. Ndapezerapo mwayi wodinda zala. Texas imafuna kuti aliyense wopempha chiphaso cha zamaphunziro afufuzidwe ndi Department of Public Safety komanso FBI, ndipo zidindo zomwe ndinapereka ku Indiana sizigwira ntchito kuno. Umayamba walipira mu ECOS, kenako amakutumizira uthenga wokuuza kuti usankhe tsiku ku IdentoGO, kampani yodinda zala.

Kaofesi kake n'kakang'ono, pakati pa sitolo ya mafoni ndi malo ochapira zovala. Inki kulibe, umangogoneka zala pagalasi lowala. Zala za kumanzere zinadutsa msanga. Chala chamkombaphala cha kumanja makina anachikana katatu. Mtsikana wogwira ntchitoyo anayang'ana dzanja langa n'kunena kuti khungu lauma kwambiri, mizere siikuoneka. Chisanu cha ku Indiana ndi madzi otsukira mbale zachita zimenezo. Anandipatsa kadontho ka mafuta, ndinatikita, tinadikira pang'ono, iye n'kugwira chala changa ndi kuchigudubuza pang'onopang'ono kuchokera mbali ina ya chikhadabo kufika inayo. Kachinayi kanayaka kobiriwira. Lisiti ndaliika m'chikwama cha nsalu chija.

Amene mukupita kukadinda zala m'nyengo yozizira, dzolani mafuta m'manja kwa masiku angapo musanapite.

24 Epulo

Service record yokonzedwa yatuluka. Zaka zisanu zathunthu, udindo wolondola, masiku onse alembedwa, ndipo chaka chino adzawonjezera chikatha. Mayi aja anandiimbira okha. Ndawapititsira mandasi omwe ndinakazinga usiku.

Yatumizidwa. Mu ECOS mukuoneka kuti ma transcript onse afika. Tsopano n'kudikira.

6 Meyi

Palibe yankho. Ndimatsegula tsambalo m'mawa ndisanasambe ndi usiku ndisanagone. Ndinadandaulira amayi pa WhatsApp, iwo n'kungoti, "Mwanawe, kuona maso a nkhono n'kudekha." Anafunsanso ngati ana akudya bwino bambo awo kulibe.

M'malo mongokhala ndayamba kuwerenga ngati kuti mayeso ndilemba. Akandikana, andipatsa chiphaso cha chaka chimodzi chomwe munthu amagwirira ntchito uku akukonzekera mayeso, ndipo chimenecho sichiwonjezeredwa nthawi. Pa mayesowo pamafunika mamaki 240 kuti ukhoze. Koma ngakhale andikhululukire, zomwe ndikuwerengazi ndizifunabe, chifukwa amene adzandifunse mafunso a ntchito adzayankhula chiyankhulo cha ku Texas.

Kuno tinazolowera ASCA National Model, ndondomeko ya ntchito yolembedwa ndi ASCA, bungwe la alangizi a pasukulu a ku America. Ku Texas ali ndi buku lawolawo, Texas Model for Comprehensive School Counseling Programs, ndipo ntchito amaigawa panayi: maphunziro a ulangizi omwe amaperekedwa kwa ana onse, kuthandiza mwana amene wagwa m'vuto, kukonza tsogolo la mwana aliyense payekha, ndi kuchirikiza dongosolo la sukulu yonse. Mtima wake ndi umodzi ndi zomwe ndimachita kale, koma mayina ndi kasanjidwe n'zawo.

Chomwe chandigwira mtima ndi SB 179, lamulo la 2021. Limati district iliyonse ikhale ndi ndondomeko yoti mlangizi azithera osachepera 80 peresenti ya nthawi yake pa ntchito ya ulangizi, ndipo kuyendetsa mayeso a boma sikuwerengedwa m'gawo limenelo. Amene sanagwirepo ntchitoyi sangamvetse kulemera kwa mawu amenewa. Mwezi wathawu ndinatha masiku asanu ndi anayi ndikuwerenga makompyuta a mayeso, kusanja mayina m'zipinda, ndi kulondera pakhonde. Masiku amenewo chitseko changa chinali chotseka. Nditabwerera ndinapeza timapepala 14 pansi pa chitseko, ana akupempha kundiona. Mmodzi analemba mawu awiri okha ndipo sanaike dzina. Ndinazindikira kalembedwe kake. Lamulo lolembedwa silitanthauza kuti paliponse likutsatidwa, ndipo ili ndi funso loyamba lomwe ndidzafunse sukulu iliyonse yomwe idzandiitane.

19 Meyi

Yankho lafika. Aunika mapepala, ndine woyenera chiphaso cha School Counselor, kuyambira ana a mkaka mpaka Giredi 12, ndipo mayeso andikhululukira. Ndinaliwerenga muofesi pa nthawi ya nkhomaliro, n'kutseka chitseko pang'ono kuti ndipemphere.

Ndapempha chiphaso chokhazikika ndipo ndalipira madola 78. Chimakhala zaka zisanu, ndipo pochikonzanso mlangizi amasonyeza maola 200 a maphunziro owonjezera, pamene mphunzitsi wa m'kalasi amasonyeza 150. Ndatsegula kale foda yosungiramo masetifiketi a maphunziro amenewo, kuti zija za service record zisadzachitikenso.

Chiphaso cha ku Indiana sindichisiya kuti chife. Moyo wa kunja kuno sudziwika komwe udzakutembenuzire, ndipo kuukitsa chiphaso chomwe chinatha kumavuta kuposa kuchisunga chamoyo.

30 Meyi

Gawo ili silili pa fomu iliyonse, koma ndi lomwe landilemera kuposa onse.

Ndili ndi ana 380. ASCA imalimbikitsa kuti mlangizi mmodzi akhale ndi ana 250, koma ambiri a ife nambala imeneyo timangoimva. Mwa ana 380 amenewa alipo pafupifupi 30 omwe sindingangowasiya ndi kalata yotsanzika. Ndakhala ndikuwaitana mmodzimmodzi kuyambira sabata yatha, kuwauza ndekha asanamve kwa ena. Mwana amene anasiyidwapo ndi akuluakulu omwe ankawadalira amafunika kumva tsiku lenileni lomwe ukuchoka, chifukwa chake, ndi dzina la amene atsale naye. Ukamubisira pofuna kumuteteza, amadzaona ngati wathawa.

Pali mnyamata wina, sindinena zambiri za iye, amene kwa zaka zitatu wakhala akudutsira muofesi yanga m'mawa uliwonse belu lisanalire. Nthawi zambiri sayankhula. Amatenga mpira wofinya uja uli padesiki, amaufinya kangapo, amaubwezera pamalo pake, n'kumapita m'kalasi. Nditamuuza anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ku Texas kuli sukulu zokhala ndi ana ngati iye. Ndinamuuza kuti zilipo. Ndinapita naye kuofesi ya mnzanga amene amutenge chaka chamawa, tinakhala atatu mphindi khumi, ndipo mpira uja ndinausiya padesiki ya mnzangayo iye akuona.

Mnzangayo ndamulembera zomwe akufunika kudziwa pa mwana aliyense, zokhazo zofunika pa chitetezo ndi maphunziro. Zomwe ana anandiuza pondikhulupirira ine, zomwe sizikhudza ngozi, ndawafunsa eniakewo ngati akufuna kuti zipitirire kwa wina. Ena avomera, ena akana, ndipo ndalemekeza. Zolemba zanga za pandekha ndaziononga m'makina odula mapepala. Palibe fayilo ya mwana yomwe ikwere nane galimoto.

Ndaonetsetsanso kuti ana anga a 21st Century Scholars, pulogalamu ya Indiana yolipirira koleji ana a m'mabanja opeza movutikira, amaliza zomwe amayenera kuchita chaka chino. Atatu anali atatsalira. Awiri amaliza, mmodzi ndamuika pamwamba pa mndandanda wa mnzanga ndi inki yofiira.

16 Juni

Tafika. Mamailosi pafupifupi 1,000, masiku awiri, kudzera ku Illinois, Missouri ndi Arkansas, kulowera ku Texarkana. Chikwama cha mapepala chinali pamiyendo panga ulendo wonse, sindinalole kuti chikwere lole ya katundu. Kutentha kwa kuno kukundikumbutsa Nsanje mu Okutobala.

Chiphaso chikuoneka patsamba la TEA. Kuno satumiza pepala, aliyense wofuna kutsimikiza amangolemba dzina lako n'kuona. Ndasindikizabe kope imodzi yoti ndizinyamula.

2 Julayi

Ndafunsira ntchito m'ma district asanu, atatu andiitana. Kuno district ndi zambiri ndipo iliyonse imadziyendetsa yokha, moti Dallas, Garland, Richardson, Plano ndi Mesquite, ngakhale zili moyandikana, iliyonse ili ndi fomu yake, malipiro ake ndi kalendala yake.

Mafunso andionetsa pomwe ndili wosalimba. Za ulangizi weniweni, za mwana wofuna kudzipha, za kholo lokwiya, ndinayankha mosadodoma. Koma atandifunsa za kumaliza sukulu ndinaona kuti ndine mlendo. Ku Indiana ndinaloweza Core 40, ndondomeko yomalizira sekondale, momwe phunziro la semesita imodzi limapatsa credit imodzi ndipo mwana amafunika 40. Kuno semesita imodzi ndi theka la credit. Ndondomeko ya kuno, Foundation High School Program, imafuna 22, ndipo ndi endorsement, gawo la maphunziro lomwe mwana amasankha kuzamapo, zimakwana 26. Ma endorsement alipo asanu: STEM, Business and Industry, Public Services, Arts and Humanities, ndi Multidisciplinary Studies. Palinso mayeso asanu a STAAR omwe mwana amayenera kukhoza, a Algebra I, English I, English II, Biology ndi U.S. History. Kuwonjezera apo pali lamulo la 1997 lopatsa malo m'mayunivesite a boma ana omwe ali mu 10 peresenti ya pamwamba m'kalasi mwawo, zomwe zimachititsa kuti nambala ya mwana pamndandanda wa kalasi ikhale nkhani yaikulu kwa makolo. University of Texas ku Austin imadula pocheperapo kuposa pamenepo.

Zimenezi chiphaso sichikuphunzitsa. Andikhululukira mayeso, koma mwana amene ndingamuike m'kalasi yolakwika chifukwa chosadziwa angachedwe kumaliza sukulu chaka chathunthu. Ndalemba zonse pamakadi ndipo mwana wanga wamkulu amandifunsa madzulo tikamaliza kudya.

Funso langa la 80 peresenti ndinafunsa konse kutatu. Pasukulu ina anayankha mozungulira. Pa ina a hedi anandiuza mosabisa kuti ali ndi munthu wapadera woyendetsa mayeso, ndipo anandionetsa ofesi yake. Mtima wanga wapita kumeneko.

21 Julayi

Ndasaina kontirakiti pasukulu yachiwiri ija. Zaka zanga zisanu ndi chimodzi za ku Indiana aziwerengera zonse pamalipiro, chifukwa service record yomaliza inafika ili bwino. Kalata ya zaka zinayi za kumudzi ndaperekanso, ali nayo akuyang'ana.

Nkhani ya penshoni ndiyo yandiwawa, ndipo ndikanakonda ndikanaiwerengera mu Febuluwale. Ndondomeko yomwe ndinali nayo ku Indiana, pansi pa INPRS, bungwe la penshoni za ogwira ntchito m'boma la Indiana, imafuna zaka 10 kuti munthu akhale ndi ufulu wa penshoni ya mwezi ndi mwezi. Ine ndachoka ndi zisanu ndi chimodzi. Ndalama za muakaunti yanga ndi zanga, koma penshoniyo sindinaifikire. Kuno ndikuyambira pa ziro mu Teacher Retirement System of Texas, yomwe imafuna zaka zisanu. Chinanso, district zambiri za ku Texas sizidula Social Security, ndalama za penshoni ya boma la America, pamalipiro, ndipo yanga ndi imodzi mwa izo, pamene ku Indiana ankadula. Mwayi wake ndi woti lamulo la Social Security Fairness Act, lomwe linasainidwa mu Januwale chaka chino, linachotsa malamulo aja ankachepetsa Social Security ya anthu olandira penshoni ya ntchito zoterezi. Ife amene tinafika m'dziko lino tili akuluakulu, tikuthandizanso makolo kumudzi, chaka chilichonse cha penshoni n'chamtengo. Kusamuka tikanasamukabe, banja silingakhale pawiri, koma bambo a ana ndi ine tikanakambirana tikudziwa mtengo wake wonse.

1 Ogasiti

Sabata ya maphunziro a antchito atsopano yatha. Chachikulu chomwe ndalemba pachikuto cha buku langa ndi cha kunena za nkhanza kwa ana. Ku Indiana lamulo limati unene nthawi yomweyo, iwe mwini, ku Department of Child Services kapena kupolisi. Kuno kwa zaka zambiri ogwira ntchito ngati ife ankapatsidwa maola 48, koma chaka chino awafupikitsa kufika 24, ndipo udindowo sungaupatsire munthu wina, ngakhale a hedi. Ine ndipitiriza monga ndinazolowera, kuimba tsiku lomwelo mwana asanakwere basi. Nambala ya kuno ndaisunga mufoni ndipo ya ku Indiana ndaisiya momwemo.

Mlangizi wamkulu wa pasukulupa, mayi amene agwira ntchitoyi zaka zoposa 20, avomera kuti kwa mwezi woyamba aziona ndandanda ya maphunziro ya mwana aliyense amene ndamukonzera ndisanaitsimikize. Ndinawapempha ndekha.

14 Ogasiti

Ana abwera. Ndapatsidwa omwe mayina a makolo awo amayamba ndi M mpaka R, onse pamodzi 410.

Cha m'ma 10 koloko analowa mtsikana wa Giredi 11 ndi mayi ake, atanyamula envulopu. Asamuka mwezi watha kuchokera ku Ohio. Mayiwo anali atavala yunifolomu ya kuntchito ndipo ankayang'ana wotchi pafupipafupi. Mtsikanayo anandipatsa transcript yake ndi manja awiri n'kufunsa ngati zomwe anaphunzira kwawo ziwerengedwa, kapena ayambiranso. Ndinawakokera mipando, ndinayala pepalalo patebulo pambali pa khadi langa la ma credit 26, ndipo tinayamba mzere woyamba, chala changa pa phunziro, chake pa giredi. Algebra I anakhoza ali Giredi 8 ndipo sikuoneka papepalali, ndiye ndalembera sukulu yake yakale kupempha umboni. Ndamuika kaye mu Algebra II kuti asataye masiku. Mawa m'mawa ndiimbira ku Ohio ofesi yawo ikangotsegula, kumeneko ali patsogolo ndi ola limodzi.